Kabatani Kobwezera M'mbuyo

Mzere wa madzi udakalipo pakhoma,
wofiirira, wolekeza m'khwapa mwanga.
Laimu ndapaka kawiri koma ukutulukabe,
ngati ngongole imene mwini wake sanaiwale.

Zuze wa pa Bangula wandibwereka zida zake
mpaka Lachisanu, pa zikwi zinayi ndi nkhuku ya msoti.
Adachokera nazo ku Joni m'kabokosi kachikasu:
dirilo yopanda chingwe, ndi mng'ono wake wamfupi,
wonenepa khosi, amene iye amati impakiti.
Mano ake ali m'kathumba ka nsalu,
ili la thabwa, ili la chitsulo,
ili la njerwa, la mutu ngati kakhasu.
La nambala eyiti lidathyokera ku Ngabu,
ndiye musandifunse, watero Zuze.

Ndayamba ndi alumali.
Ndayeza zikhatho zitatu pamwamba pa mzere uja
kuti mapira, makope a ana ndi mapepala a kuchipatala
chaka chino zigone kumwamba.
Njerwa zathu n'zopsa theka,
dzino likulowa ngati m'mbatata yophika,
kenaka lakumana ndi simenti ya malemu bambo,
lalira, lafuka, latentha osagwirika.
Fumbi lofiira latsikira pamkono
n'kusanduka matope m'thukuta.

Dzuwa la kuno silinyengerera batire.
Pofika teni kagetsi kobiriwira kaphethira, kazima.
Dominga wapalasa njinga
kukatchaja kometera tsitsi kwa Fulaide,
wakapeza magetsi athima, mafoni ali ndandanda pabenchi.
Ine ndakhala pansi pa mtengo wa nimu
kusankha masikuluwu m'chitini cha mkaka,
aatali uku, adzimbiri uko.

Achimwene a Tenesi adutsa, hamala ili paphewa.
Akuti mlongo, misomali n'njotchipa,
kumenya katatu basi, denga lagwira,
za mabatirezi n'za anthu a kumtunda.
Sindinayankhe. Ndimaona usiku uja,
iwo omwewo akukanganula chitseko ndi chikwanje,
madzi ali m'mawondo, bwato likudikira pa chulu,
thabwa kung'ambika, msomali osalola,
mpaka tidachisiya
Shire n'kuchitenga ndi felemu yomwe.

Msomali umadziwa njira imodzi yokha.

Madzulo batire yabwera, yofunda ngati dzira longoikira.
Impakiti ndailoza pa hinjesi ya chitseko chatsopano.
Imayamba mwaulemu,
ikamva kuuma kwa tsanya ndiye igogoda,
ta-ta-ta-ta, gogomole wachitsulo,
mbuzi za oyandikana nawo kubalalika.
Sikuluwu yamira mpaka mutu,
dzanja langa lopanda thuza.

Ndamuitana Dominga. Gwira apa.
Kabatani aka, pamwamba pa chala chako,
ukakakankhira uku chinthuchi chimazungulira chobwerera.
Wakankha.
Sikuluwu yatuluka yonse, yowongoka,
yagwera m'chikhatho mwake idakali yotentha.
Waseka, waibwezera, waitulutsanso.

Ndawerenga ndi zala:
chitseko, masikuluwu asanu ndi atatu;
mawindo awiri; malata khumi ndi anayi.
Wailesi ikadzanena kuti Ruo wakwiya,
ngolo ya ng'ombe isanafike pakhomo
nyumba idzakhala itavula zonse zovulika,
madzi adzapeza njerwa zokha
ndi mzere wawo wakale.

Koma zida n'za Zuze,
ndipo Lachisanu ndi mawa.
Ndatuma mwana akagule sikuludiraiva yamanja pa golosale,
ya chigwiriro chofiira, ya mutu wa mtanda.
Ndaimangira chingwe, ndaikoloweka pansi pa alumali.
Nambala ya foni ya Zuze ndailemba ndi khala pakhoma,
chikhatho chimodzi pamwamba
pa pomwe madzi adalekeza.